Kubisira M'bale N'kumubera

Pali mkangano umene udayamba m'chaka cha 2005 ndipo mpaka lero sudazilale, ngakhale sewero limene lidaubala lidatha pa 19 Novembala 2020. Seweroli ndi Supernatural, la pa kanema la ku America, limene adaliyambitsa ndi Eric Kripke. Lidaulutsidwa kwa zaka 15, magawo ake onse pamodzi 327, ndipo limakamba za anyamata awiri apachibale, Dean Winchester ndi mng'ono wake Sam, amene ntchito yawo n'kuyendayenda m'misewu ya dziko lawo pa galimoto yakuda ya Chevrolet Impala ya 1967, kusaka mizukwa, ziwanda, anamapopa ndi zilombo zina za usiku. Chodabwitsa n'chakuti okonda seweroli akakumana, za ziwanda amangozilambalala. Chimene chimawatenthetsa mitu ndi bodza. Ndani mwa anyamata awiriwa adanamiza mnzake koposa? Ndani ayenera kukhululukidwa?

Mbali ziwiri zidapangika kalekale, ena a Dean, ena a Sam. Kugawikanaku kudatchuka kwambiri mwakuti mu 2009 olemba seweroli adakulowetsa m'gawo lina, momwe anyamatawo adatulukira kuti moyo wawo udalembedwa m'mabuku ndipo owerenga mabukuwo adagawikana chimodzimodzi. Ine kwa zaka zambiri ndidali wa Dean, wosagwedezeka. Ndine woyamba kubadwa kwathu, ndipo munthu amene adalerako ang'ono ake akamuona Dean amadziona yekha. Lero ndabwera kudzamuimba mlandu, iye pamodzi ndi onse amene amamuikira kumbuyo ponena kuti bodza lake lidali la chikondi. Mfundo yanga ndi imodzi: kubisira m'bale wako nkhani yokhudza moyo wake womwe n'kumubera, ndipo chikondi sichisandutsa kuba kukhala mphatso.

Kwa amene simudaonereko seweroli, nkhani idayamba motere. Usiku wa pa 2 Novembala 1983, mumzinda wa Lawrence ku Kansas, mayi wa anyamatawa, Mary, adaphedwa ndi chiwanda cha maso achikasu chotchedwa Azazel, ndipo nyumba idayaka moto. Sam adali khanda la miyezi 6, Dean adali ndi zaka 4. Bambo awo, John, adanyamula khandalo n'kuliika m'manja mwa Dean kuti athawire nalo panja. Kuchokera usiku umenewo Dean sadalitulenso khandalo pansi. John adasanduka mlenje wa ziwanda, ndipo ankawasiya anawo okha m'zipinda zogona alendo kwa masiku angapo, wamkulu atamulamula kuti ayang'anire wamng'ono. Sam atakula adathawa moyo umenewu n'kupita kukaphunzira pa yunivesite ya Stanford. Mu 2005 Dean adamulondola komweko chifukwa bambo awo adasowa, ndipo patangopita masiku ochepa bwenzi la Sam, Jessica, lidafa imfa yofanana ndi ya mayi awo. Ulendo wa awiriwa udayambira pamenepo.

Oikira kumbuyo Dean ali ndi mfundo zolemera, ndipo sindizipeputsa pakuti inenso ndidazilalikirapo. Amati mnyamatayu sadaudziwe ubwana: adali mayi ndi bambo wa Sam iye yemwe akadali mwana, ankadzimana chakudya kuti mng'ono wake adye, ndipo pambuyo pake adapereka mzimu wake womwe. Amati bodza lililonse la Dean lidali lofuna kupulumutsa Sam, pomwe bodza la Sam lidali lophimba zoipa zake. Akatero amafunsa kuti mukadakhala inu mukadasankha m'bale uti, wokunamizani kuti mukhale ndi moyo kapena wokunamizani kuti azicheza ndi chiwanda? A Sam nawo amayankha powerenga mabodza a Dean limodzilimodzi, ndipo mkangano umangosanduka kuwerengetsana ngati matumba a chimanga pamsika, uyu asanu, uyu asanu ndi awiri. Onsewa akuphonya. Funso loyenera ndi ili: chinsinsi chimene chabisidwacho n'cha yani?

Pali chinsinsi chimene chili chako: bala lako, manyazi ako, zimene udaona n'kusowa pakamwa pozifotokozera. Chimenechi uli ndi ufulu wochisunga mpaka mtima wako udzalole, ndipo m'bale wanzeru amadikira osaumiriza. Palinso chinsinsi chimene chidangofikira m'manja mwako koma mwini wake ndi mnzako: za thupi lake, za imfa yake, za anthu ake, za njira imene akadatsata akadadziwa. Ukasunga chimenechi wamulanda mnzako mpata wodzigamulira yekha. Umafanana ndi munthu amene walandira kalata ya mnzake, waitsegula, waiwerenga, waiyankha, waitentha, kenaka n'kumati adamuchitira chifundo mnzakeyo poti nkhani ya m'kalatamo idali yowawa.

Tiyambe ndi zinsinsi za mwini. Mu Meyi 2008 Dean adakokeredwa ku gehena. Pansi pano padapita miyezi 4 mngelo Castiel asadamutulutse, koma kumeneko zidali zaka 40. Kwa zaka 30 adazunzidwa, akukana pamene chiwanda Alastair chinkamunyengerera kuti chimusiya akavomera kuzunza anzake. Zaka 10 zotsalazo adagonja, adatenga mpeni. Atabwerako adauza Sam kuti sakukumbukira kanthu. Lidali bodza, koma pa limeneli sindimuimba mlandu, chifukwa balalo lidali lake, ndipo nthawi itakwana adaulula yekha m'mbali mwa msewu, misozi ili mbwembwembwe. Sam nayenso adabisa kuti adalota imfa ya Jessica isadachitike, ndipo kwa chaka chathunthu adabisa kuti Azazel adamudonthezera magazi m'kamwa akadali khanda. Mwana wokulira m'banja limene limapha chilichonse chimene si munthu weniweni angayambire pati kunena kuti m'mitsempha mwake mukuyenda magazi a chiwanda? Ndipo Dean atatulukira kuti Sam akugwiritsa ntchito mphamvu zochokera m'magazi amenewo, adamukhoma nkhonya n'kumuuza kuti akadapanda kumudziwa akadamusaka monga amasakira zilombo. Pambuyo pa mawu oterewa ndani angaululenso china?

Tsopano onani mtundu winawo. Mu 2006 Dean ali pafupi kufa m'chipatala chifukwa cha ngozi ya galimoto, John adagulitsa mzimu wake kwa Azazel kuti mwana wake achire. Asadatsirizike adamunong'oneza Dean kuti apulumutse Sam, ndipo akalephera, amuphe. Powotcha mtembo wa bambo awo, monga amachitira alenje a m'seweroli, Sam adafunsa ngati malemuwo adasiya mawu. Dean adati palibe. Adayenda naye m'galimoto imodzi, kugona naye chipinda chimodzi, atapakira m'thumba chigamulo cha khosi lake mwini wake osadziwa, mpaka adadzaulula m'gawo limene lidaonetsedwa kumayambiriro a 2007. Ndikuvomera kuti katunduyu adamusenzetsa ndi bambo ake, ndipo mlandu woyamba ndi wa John. Koma khosi lidali la Sam. Chaka chomwecho Sam adabayidwa n'kufa ku Cold Oak, ndipo Dean adathamangira pamphambano kukagulitsa mzimu wake kwa chiwanda, n'kupatsidwa chaka chimodzi chokha chokhala ndi moyo. Sam atadzuka adauzidwa kuti adangovulala, ndipo zoona zake adachita kuzitulukira yekha. Kumbukirani kuti Dean yemweyu adali atatha miyezi akuvutika mumtima chifukwa bambo ake adamuchitira zomwezo, akunena kuti chakufa chizikhala chakufa. Kulemera kwa mtolowo ankakudziwa bwino, komabe adautula pamutu pa mng'ono wake.

Tifike pa Ruby, amene ndiye chibonga chachikulu cha a Dean. Dean ali ku gehena Sam adatsala yekha ndi chisoni, ndipo chiwanda chachikazi chotchedwa Ruby chidamuphunzitsa kutulutsa ziwanda mwa anthu ndi mphamvu ya maganizo, mphamvu imene inkakula akamwa magazi a chiwanda. Dean atabwerera, Sam adamunamiza, ankazemba usiku, ndipo pomaliza adamenyana naye n'kupita ndi Ruby. Mu Meyi 2009, m'nyumba yakale ya masisitere ku Ilchester m'dera la Maryland, adapha chiwanda Lilith poganiza kuti akuletsa Lucifer kutuluka m'khola lake, osadziwa kuti imfa ya Lilith ndiyo idali yotsiriza pomasula maloko 66 otsekera kholalo. Sam adalakwa, ndipo sindikumusambitsa. Lake lidali bodza la chidakwa chobisa botolo, ndipo moto wake udatentha ndi osamwa omwe. Koma ogwira chibongachi amaiwala zinthu zitatu. Woyamba mwa malokowo adathyoka pamene Dean adakhetsa magazi ku gehena, iyenso mosadziwa. Akuluakulu a angelo ankafuna kuti Lucifer atuluke, ndipo ndi Castiel amene adatsegula chitseko cha chipinda chimene Dean ndi Bobby Singer, bwenzi la bambo awo, adatsekeramo Sam. Chachitatu, Dean nayenso ankafuna Lilith afe. Choposa zonse, Sam adavomera mlandu wake pamaso pa m'bale wake ndipo adaulipira. Dean mlandu wake amangousintha dzina n'kuutcha chikondi.

Mu 2011 kudabwera nkhani ya Amy Pond. Uyu adali chilombo chooneka ngati munthu, cha mtundu umene chakudya chake n'kachiwalo kena ka mu ubongo wa munthu. Ali achichepere Amy adapha mayi ake omubereka pofuna kupulumutsa Sam. Atakula adapeza ntchito yokonza mitembo kuti azidya za akufa osapha munthu, koma mwana wake atadwala adapha anthu angapo kuti mwanayo achire. Sam adamupeza, adamumvetsera, adamusiya, ndipo adapempha Dean kuti amukhulupirire pa chigamulo chimenechi. Dean adavomera ndi pakamwa. Atasiyana adazemba, adalondola Amy m'chipinda chogona alendo n'kumubaya, mwana uja akuona. Kaya Amy adayenera kufa kaya ayi, umenewo ndi mkangano wina, ndipo Dean akadatha kuukangana poyera. Chimene adachita n'kuuza mng'ono wake kuti ndakukhulupirira, mpeni uli kale m'thumba. Sam adadzamva nkhaniyi m'kamwa mwa mdani. Chondinyansa kwambiri n'chakuti patangopita gawo limodzi, olemba adamuuzitsa Sam kuti Dean sadalakwe kupha Amy, ndipo nkhani ya bodza idangokwiriridwa pompo.

Mlandu waukulu ndi wa Okutobala 2013. Sam adali chikomokere m'chipatala, thupi litawonongeka ndi mayesero ofuna kutseka zipata za gehena, amene Dean adamuletsa kumaliza. M'maganizo mwake Sam adakumana ndi Imfa, imene m'seweroli imaoneka ngati nkhalamba ya suti yakuda, ndipo adapempha kuti akapita apitiretu, pasapezekenso womubweza, kuti wina asavutikenso chifukwa cha iye. Dean adapeza mngelo wodzitcha Ezekiel amene adati angathe kuchiza Sam pokhala m'thupi mwake. Lamulo la m'seweroli n'lakuti mngelo salowa mwa munthu popanda mwini kuvomera, ndipo Dean ankadziwa kuti Sam sangavomere. Choncho adalola mngeloyo kuvala nkhope ya Dean, kulowa m'maganizo mwa Sam n'kumuvomeretsa chinthu chimene sankachidziwa. Taganizirani kuti Sam ameneyu ndani. Ndi uja adamwetsedwa magazi ali khanda, uja chiwanda Meg chidamulowa mu 2007 n'kupha munthu ndi manja ake, uja Lucifer adamuvala ngati malaya mu 2010. Palibe chimene ankachiopa kuposa kulandidwa thupi lake, ndipo womulanda ulendo uno adali mkulu wake. Kwa miyezi ingapo Sam ankadabwa kuti nthawi ikumudumpha, akufunsa chimene chikumuchitikira, Dean n'kumamuuza kuti zonse zili bwino.

Mngelo uja sadali Ezekiel. Adali Gadreel, mlonda amene adalola njoka kulowa m'munda wa Edeni. Mu Disembala 2013 Gadreel adapha Kevin Tran, mneneri wachinyamata amene ankakhala ndi anyamatawa ngati m'bale wawo, ndipo adamupha ndi dzanja la Sam. Kevin sadauzidwe kuti m'nyumbamo muli ngozi, adangouzidwa ndi Dean kuti amukhulupirire. Akuluakulu adati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma apa zidatembenuka, adadya mkulu, kupotedwa mwana. Zonse zitaululika, Sam adauza Dean mosapsatira kuti sadamupulumutse chifukwa cha iye Sam, adadzipulumutsa yekha poopa kutsala yekhayekha, ndipo adaonjeza kuti zikadatembenuka iye sakadachita zoterozo. Oonera ambiri adamukwiyira Sam chifukwa cha mawuwa, namutcha wosayamika. Abale anga, munthu walowetsedwa mlendo m'thupi osafunsidwa, manja ake aphera mnzake, ndiye mukufuna agwade athokoze? Wakutsina khutu ndi mnansi. M'zaka zonse 15, amenewa ndi ena mwa mawu oona kwambiri amene adalankhulidwa pakati pa awiriwa.

Muyeso wanga sukondera, ndipo Sam ukumupezanso. Dean atatenga chizindikiro cha Kaini pamkono, chimene chinkamusandutsa chigawenga chokonda magazi, padapezeka buku lakale la matsenga limene likadatha kuchichotsa. Dean adaona kuti mtengo wake udzakhala woopsa ndipo adati bukulo litenthedwe. Sam adaponya pamoto buku lina, lenilenilo adabisa, nasonkhanitsa mwamseri mfiti Rowena, Castiel ndi Charlie Bradbury, mtsikana katswiri wa makompyuta amene anyamatawa ankamutenga ngati mlongo wawo. Mu Meyi 2015 Charlie adaphedwa ndi anthu ofuna bukulo. Chizindikirocho chitachoka, Mdima umene udatsekeredwa dziko lisadalengedwe udamasuka. Mkono udali wa Dean, adali atakana, ndipo Sam adaba chigamulo chake monga momwe iye adaberedwera. Adali wophunzira wabwino wa mkulu wake. Koma tawerengani mitembo: Kevin, Charlie. Anyamata a Winchester akabisirana chifukwa cha chikondi, maliro amagwa pa anthu amene sadaitanidwe n'komwe pa zokambirana.

Ndanena kuti ndidali wa Dean, ndipo ndiyenera kunena chimene chidandichotsa kumeneko. Mng'ono wanga ali ku sekondale yogonera komweko, akukonzekera mayeso a Fomu 4, amayi adadwala matenda amene tonse tidaona kuti sadzuka nawo. Abambo adandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunena kuti mnyamatayo asauzidwe mpaka amalize mayeso. Ndidavomera, ndipo m'kalata imene ndidamulembera ndidati kunyumba tonse tili bwino. Amayi adamufunsa kawiri konse. Adamwalira kutatsala sabata imodzi kuti mayeso athe, ndipo tidawaika m'manda iye kulibe. Tsiku lotsekera sukulu ndidapita kukamutenga, ndipo ndidamuuza titatsika basi, mudzi ukuoneka apo. Sadalire msanga. Adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi amayi adali anu nokha?" Mayeso adakhoza bwino, ndipo kwa zaka zambiri satifiketi yake ndiyo idali loya wanga. Tidadzaonera limodzi magawo a Gadreel pa DVD tonse tili akuluakulu a mabanja athu. Ine ndidayamba kumuikira kumbuyo Dean mokweza monga mwa chizolowezi. Iye adangoti, "Koma Sam adafunsidwa?" Usiku umenewo sindidagone. Ndidazindikira kuti ndikadamuuza, mwina akadasankha yekha kukhala kusukulu n'kulemba mayesowo, koma kusankhako kukadakhala kwake. Ndidazindikiranso kuti mawu a abambo ndidawalandira mosavuta chifukwa ankandipulumutsa ine ku ntchito yoona nkhope yake ikusintha.

Wina anena kuti kubisa nkhani yowawa ndi ulemu umene ife tomwe timaudziwa. Munthu akamwalira, wachibale wakutali timamuuza kuti abwere msanga matenda akula, kuti ayende ulendo wake mtima usadasweke. N'zoona, ndipo mwambo umenewu sindikuunyoza. Koma taonani kusiyana kwake. Uthenga umenewu umamuitana munthu kuti abwere, sumutsekereza kutali. Umabisa kwa maola a ulendo okha. Ndipo wamkulu aliyense akaumva amadziwa tanthauzo lake, amanyamuliratu zovala za pamaliro. Kumeneko n'kumugwira mnzako dzanja kuti asagwe polandira choonadi. Zimene Dean adachita pa Gadreel, ndi zimene ine ndidachita pa kalata ija, n'kumumanga mnzako nsalu m'maso n'kumuyendetsa njira imene iwe wasankha.

Wina anenanso kuti Dean akadapanda kunama Sam akadafa. Inde, mwina akadafa. Koma m'bale ali ndi zida zambiri zololedwa: angathe kuchonderera, kulira, kukalipa, kugwada, kuitana akuluakulu kuti amuthandize kunyengerera. Chimene alibe ndi ufulu wosaina m'malo mwa munthu wamkulu mnzake. Dean akadafika m'maganizo mwa Sam ndi nkhope yake yeniyeni n'kunena kuti pali mngelo angakuchize akalowa mwa iwe, ndikukupempha uvomere, bwenzi ndilibe mlandu naye ngakhale Sam akadakana. Adasankha chinyengo chifukwa yankho ankalidziwa kale ndipo sankalifuna. Mawu akuti ndinkakuteteza ali ndi chipongwe chobisika m'kati mwake, chakuti iwe sungathe kusenza choonadi cha moyo wako, ine ndiye ndingathe. Dean adapitiriza kuona khanda la miyezi 6 mwa bambo wa zaka 30. Timati chibale ndi fupa sichiola, ndipo n'zoona, koma mwambi umenewu akuluakulu ambiri a m'mabanja adausandutsa chilolezo, podziwa kuti achite zotani mng'ono sangawasiye.

Nanga n'chifukwa chiyani oonera ambiri amakhululukira Dean msanga? Apa ndi pamene ife okonda zolembalemba tiyenera kutchera khutu, chifukwa yankho lili m'luso la olemba. Dean akamabisa, ife timakhala naye m'chinsinsimo. Tidali m'chipatala pamene ankavomera za Gadreel, tidaona manja ake akunjenjemera, ndipo Jensen Ackles, amene adasewera Dean, ali ndi luso lotulutsa msozi umodzi pa nthawi yake. Sam akamabisa, kawirikawiri ifenso timabisiridwa. Za kumwa magazi tidazidziwa mu Malichi 2009, patapita miyezi tikungomuona Jared Padalecki akuzemba m'chipinda usiku, choncho tidamva kuti Sam wanamiza ife amene. Mtima wa woonera umatsata maso amene wabwerekedwa. Ambiri amene amati akuweruza khalidwe la anyamatawa akungotsatira kumene kamera idaima. Ndipo Kripke atasiya kutsogolera seweroli mu 2010, otsatira ake adabwereza chida chomwechi chaka ndi chaka: wina abise, wina atulukire, apatukane, kenaka agwirizane atatsamira galimoto botolo la mowa lili m'manja. Bodza likabwerezedwa kotero, n'kumatha ndi kukumbatirana nthawi zonse, woonera amayamba kuliona ngati mchere wa chibale.

Komabe seweroli lidadziweruza lokha kawiri. Mu Meyi 2010 Sam adabwera ndi maganizo oopsa, oti alole Lucifer kumulowa kenaka adziponye naye m'dzenje lopita kukhola kuja. Adawanena poyera. Dean adakana, adalimbana nawo, ndipo pomaliza adavomera kuti mng'ono wake ndi munthu wamkulu ndipo chigamulo n'chake. Adamutsatira kumanda a Stull ku Kansas kuti asafe yekha, ndipo kupezeka kwake ndiko kudamupatsa Sam mphamvu yogonjetsa Lucifer kwa kamphindi kofunikako. Dongosolo limene adalikambirana maso ndi maso ndilo lidapulumutsa dziko. Kachiwiri ndi m'gawo lomaliza la 2020, limene oonera ambiri adadana nalo. Dean atabayidwa ndi chitsulo kumsana pomenyana ndi anamapopa, adapempha Sam kuti asayese kumubweza. Adamuuzanso kanthu kamene adakasunga zaka 15, kuti usiku uja adapita ku Stanford adaima panja maola ambiri akuopa kuti Sam amuthamangitsa. Sam adalira, adamvera, adamulola kupita. Adamuchitira mkulu wake chimene mkuluyo adamumana mu 2013.

Choncho kwa a Dean ndi a Sam ndikuti lekani kuwerenga matumba. Funsani kuti chobisidwacho chidali cha yani, ndipo adafa ndani chifukwa cha icho. Mukatero mupeza kuti onse awiri adaba, koma adayamba ndi mkulu, adabwereza kwambiri ndi mkulu, ndipo woomberedwa m'manja ndi mkulu yemweyo. Kwa akulu anzanga a m'mabanja, amene mukusunga kalata ya adokotala, nkhani ya munda umene udagulitsidwa, kapena mawu amene malemu adasiya okhudza mng'ono wanu, ndikuti mwini wake alipo, kamupatseni. Mlandu suola. Ine wanga ndidakaupepesa patapita zaka zambiri, ndipo mng'ono wanga adandikhululukira, koma sabata ija ya amayi palibe angamubwezere.